Safunsa Adadya Phula, Nanga Wofunsa Malipiro?

Akuluakulu amati safunsa adadya phula. Anamuikira chisa cha njuchi patsogolo, iye poopa kuoneka mbuli sanafunse kuti chomeza ndi chiti, cholavula ndi chiti. Anatafuna phula mpaka nsagwada kuwawa, anzake ali kunyambita zala. Mwambiwu amalangizira mwana, mlendo ndi mkamwini wobwera kumene, ndipo palibe amene amautsutsa. Komabe pali funso limodzi limene ngakhale akatswiri a miyambi amalizemba, lofunsa mnzako wa kuntchito kuti amalandira zingati.

Sikuti nkhani ya ndalama njosowa pantchito ayi. Mwezi ukamapita kumapeto, liwu limodzi limakwanira pamalonje: "Zalowa?" Palibe amafunsa kuti zalowa n'chiyani. M'chipinda chopumira aphunzitsi, m'kantini ya pafakitale, pakhonde la chipatala, anthu amakambirana mtengo wa thumba la chimanga, wa feteleza, lendi, fizi ndi minibasi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense muofesi anasanduka katswiri wa zachuma, kuyambira mesenjala mpaka bwana. Koma wina angoyesa kufunsa nambala yeniyeni, nkhope zimasintha. Mayankho ake ngodziwika kale: "Ndi tochepa tomweto," "Za sopo basi, achimwene," kapena kaphwete pang'ono kenaka nkhani n'kukhotera kwa Bullets ndi Wanderers. Pesilipi imapindidwa kanayi n'kulowa m'thumba la mkati.

Kubisaku kuli ndi zifukwa zake, ndipo si zopusa. Dziko lino limaopa nsanje moti nyimbo ya fuko, yomwe anapeka Michael Sauka, imaiika pamzere umodzi ndi njala ndi matenda ngati adani oyenera kugonjetsedwa. Wokwezedwa pantchito amadziwa kuti ena amuyamikira pakamwa pokha, ndipo mphekesera za kulodzana chifukwa cha mpando zimamveka ngakhale m'maofesi odzaza makompyuta. Kuonjezera apo, malipiro a munthu mmodzi kuno amakhala ndi eniake ambiri: mayi kumudzi, mwana wa mlongo amene ali kusekondale, maliro ogwa mwadzidzidzi. Nambala ikatuluka muofesi imayenda, imakafika kwa msuweni, ndipo mawu akuti "ndilibe" amatha mphamvu. Alipo mabanja amene mayi wa m'nyumba watha zaka osaionapo pesilipi ya bambo. Nanga wobisira mkazi wake angaululire wa patebulo loyandikana? Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mwambi umenewu nawonso ngwa makolo omwe aja.

Miyambi iwiriyi ikamakokana chonchi, pafunika kufunsa kuti chete ameneyu amadyetsa ndani.

Mayi wina wa ku America, Lilly Ledbetter, anayamba ntchito ya ukapitawo pafakitale ya matayala ya Goodyear mumzinda wa Gadsden, ku Alabama, mu 1979. Anagwirapo pafupifupi zaka 20, nthawi zambiri usiku, pa udindo umene unadzaza amuna. Atatsala pang'ono kupuma, anapeza kapepala kopanda dzina m'bokosi lake la makalata. Panalembedwa malipiro ake ndi a amuna atatu a udindo ngati wake. Zikalata za kukhoti zinadzaonetsa kuti iye ankalandira madola 3,727 pamwezi, pomwe mwamuna wotsikitsitsa pa udindowo ankalandira 4,286, wapamwamba 5,236. Kusiyanako kunalowerera mpaka mu ndalama za ovataimu ndi penshoni, popeza zonsezo amawerengera kuchokera pa malipiro.

Anakasuma, ndipo khoti loyamba linagamula momukomera. Koma mu 2007 khoti lalikulu kwambiri m'dzikolo, oweruza asanu kutsutsana ndi anayi, linati mayiyo anachedwa. Lamulo linkafuna kuti adandaule pasanathe masiku 180 chichitikire chiganizo chomulipira mochepa. Woweruza Ruth Bader Ginsburg anakana chigamulocho poyera, mfundo yake n'kukhala yakuti kusiyana kwa malipiro kumabisika ndipo kumakula pang'onopang'ono, choncho munthu sangadandaule za chinthu chimene sakuchiona. Aphungu anasintha lamulolo, ndipo mu Januwale 2009 linakhala lamulo loyamba kusainidwa ndi Barack Obama atalowa m'boma. Limatchedwa ndi dzina la mayiyo. Mwiniwakeyo anamwalira mu 2024 osalandirapo kobiri ya chipukuta misozi kuchokera ku kampaniyo.

Pa nkhani yonseyi, chopatsa maganizo kwambiri ndi kapepala kaja. Amene anakalemba ankadziwa choona, koma ulemu wa pantchito sunamulole kuyankhula maso ndi maso. Anachita kuzemba ngati wakuba kuti achite chinthu chabwino. Ndipo anthu onse amene ankadya naye nkhomaliro mayiyo kwa zaka zonsezo, osatchula nambala poti n'zosayenera, ulemu wawowo unkasungira ndalama kampani. Wolemba ntchito ndi yekhayo amene amaona mapesilipi onse. Wantchito amaona yake yokha. Pamsika wa Lizulu wogulitsa tomato amadziwa mtengo wa mnzake wa pambali, n'chifukwa chake wogula sangamupusitse. Wogulitsa thukuta lake muofesi ndiye amauzidwa kuti kufunsa mtengo ndi mwano.

Chochititsa chidwi n'chakuti manyaziwa amakula pamene tayi yayamba kuoneka. Aganyu amauzana poyera kuti mzere akulipira zingati kwa uje. Alonda ndi antchito a m'nyumba amafunsana pageti popanda kuzungulira. Boma litakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi mu 2024, uthengawo unayenda pakamwa ndi pakamwa pakati pa anthu amene sagula nyuzipepala, ndipo mabwana ena anaumva kuchokera kwa antchito awo omwe. Amene ali pansi anaphunzira kalekale kuti kusafunsa n'kudula. Ophunzira a madigiri ndiwo amatafuna phula mwaulemu.

Malamulo a dziko lino sali kumbali ya chinsinsi. Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa aliyense ufulu wolandira malipiro oyenera, ndiponso ofanana pa ntchito yofanana, popanda tsankho. Gawo 6 la Employment Act ya 2000 limabwereza zomwezo. Koma kufanana kumafuna nambala ziwiri, yako ndi ya mnzako, ndipo wokhala ndi imodzi yokha alibe chokanena ku Industrial Relations Court. Maiko ena anauona msampha umenewu. Ku South Africa, komwe Amalawi ambiri akugwira ntchito m'mashopu, m'magalaja ndi m'nyumba za anthu, gawo 78 la Basic Conditions of Employment Act ya 1997 limapatsa wantchito ufulu wokambirana za ntchito yake ndi anzake. Ku America lamulo la 1935 limateteza antchito ambiri a m'makampani akamakambirana malipiro. Ku Britain, Equality Act ya 2010 imati bwana sangalange munthu amene waulula kapena kufunsa malipiro pofuna kudziwa ngati pali tsankho. Maiko a European Union anagwirizana mu 2023 kuti wofunsira ntchito aziuzidwa malipiro oyambira, ndipo asamafunsidwe zimene ankalandira kumene akuchokera. Mfundo yomalizayi ingadabwitse ambiri kuno, kumene pa intavyu funso lakuti "Panopa mukulandira zingati?" limabwera mosaphethira, kuchokera kwa anthu omwewo amene mawa adzadinda mawu akuti chinsinsi pa kalata ya malipiro.

Zimene zimachitika nambala zikatuluka zinaoneka bwino ku BBC. Mu Julaye 2017 wailesiyo inakakamizidwa ndi boma la Britain kutulutsa maina a aulutsi olandira mapaundi oposa 150,000 pachaka. Mwamuna wa pamwamba pa mndandandawo, Chris Evans, ankalandira oposa 2 miliyoni. Mkazi wa pamwamba, Claudia Winkleman, sankafika theka la miliyoni. Carrie Gracie, mkonzi wa nkhani za ku China, anazindikira kuti amuna awiri a udindo ngati wake ankamuposa kutali. Anatula udindowo mu Januwale 2018, ndipo patapita miyezi ingapo BBC inapepesa n'kumubwezera ndalama zake, iye n'kuzipereka ku bungwe lomenyera ufulu wa amayi. Mu 2020 Samira Ahmed anapambana mlandu ataonetsa kuti ankalandira mapaundi 440 pa pulogalamu imodzi, pomwe Jeremy Vine ankalandira 3,000 pa pulogalamu yofanana nayo. Amayiwa sanali anthu amantha kapena osaphunzira. Ntchito yawo inali yofunsa nduna ndi atsogoleri mafunso ovuta, koma funso la patebulo loyandikana linawakanika kwa zaka.

Komatu walira mvula walira matope. Kudziwa kumapweteka, ndipo amene amalimbikitsa kuulula asamabise zimenezi. Mu 2008 nyuzipepala ya Sacramento Bee inaika pa intaneti malipiro a ogwira ntchito m'boma la California, kuphatikizapo a kuyunivesite. Akatswiri a zachuma, mmodzi mwa iwo David Card yemwe anadzalandira mphotho ya Nobel, anauza gulu lina la antchito a University of California za tsambalo, gulu lina osaliuza, kenaka n'kuwafunsa onse za ntchito yawo. Amene anapeza kuti ali pansi pa anzawo a ntchito yofanana anayamba kuipidwa ndi ntchito, ambiri n'kunena kuti afunafuna kwina. Amene anapeza kuti ali pamwamba sanasangalale kuposa kale. Choncho chimwemwe sichinaonjezeke paliponse, koma kuwawa kunaonjezeka.

Nkhani yofanana nayo inafufuzidwa konkuno. M'zaka za m'ma 1990, Stuart Carr ndi Malcolm MacLachlan, omwe ankaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, anaunika zimene zimachitika mphunzitsi wochokera kunja ndi mphunzitsi wa Chimalawi akamagwira ntchito imodzi pa malipiro osiyana kwambiri. Anapeza kuti onse awiri amagwa ulesi. Wolandira zochepa amaona kuti akuberedwa. Wolandira zambiri amayamba ndi kudziimba mlandu, kenaka, kuti mtima ukhale pansi, amadziuza kuti mwina iye ndi waluso kuposa mnzakeyo. Kafukufuku wina amene Carr anatsogolera pambuyo pake m'maiko asanu ndi limodzi, Malawi ali momwemo, anapeza kuti obwera ankalandira pafupifupi kanayi kuposa eni nthaka a maphunziro ndi ntchito zofanana. Aliyense amene wagwirapo ntchito m'mabungwe othandiza amadziwa mmene nkhani imeneyi imakhalira pansi pa tebulo pa msonkhano uliwonse wokamba za kuthetsa umphawi. Pamenepo chinsinsi sichiteteza aliyense, chifukwa galimoto ndi nyumba zimaulula kale. Chimene chimavulaza ndi kusiyanako, osati kukudziwa.

Nanga m'boma, momwe mulibe chinsinsi chenicheni, anthu amabisiranji pesilipi? Magiredi ngodziwika. Malipiro akakwera, kalata yake imazungulira m'maofesi, ndipo tsiku lomwelo imakhala ili pa WhatsApp. Mphunzitsi wa ku Nsanje ndi wa ku Chitipa a giredi imodzi amayambira pa nambala imodzi. Ukadziwa giredi ya munthu, wadziwa malipiro ake. Koma pepala lija amalipindabe kanayi.

Yankho lili kumunsi kwa pepalalo. Kumtunda kumalembedwa mtengo wa mpando. Kumunsi kumalembedwa moyo wa munthu. Kuli msonkho wopita ku MRA ndi ya penshoni, yomwe m'makampani wantchito amadulidwa 5 peresenti bwana n'kuonjezera 10. Zimenezo n'za aliyense. Koma kuli ngongole ya kubanki imene anatengera malata, ya ku SACCO imene analipirira opaleshoni ya mayi ake, ya kampani yobwereketsa imene imadula ndalama zisanafike n'komwe m'manja, mwinanso ndalama yothandizira mwana wa kunja imene khoti linalamula. Ndipo pali ina yosalembedwa papepala, ya wakatapila amene akusunga khadi la ATM n'kumadikira pa makina tsiku la malipiro. Anthu awiri a giredi imodzi, wina amapita kwawo ndi malipiro pafupifupi onse, wina ndi ya minibasi yokha. Wopempha kuona pesilipi ya mnzake akupempha kuona zonsezi.

Apa ndi pamene malire ayenera kudutsa, ndipo maofesi ambiri amawadutsitsa polakwika. Funso la mpando ndi la anthu onse: udindo uwu umayambira pati, umakwera bwanji, ndani amayenera alawansi ya nyumba kapena ya mafuta. Kubisa zimenezi n'kuthandiza wolemba ntchito kulipira anthu mosiyana popanda womufunsa. Funso la thumba ndi la mwini: zatsala zingati, zapita kuti, wabwereka kwa ndani. Chomvetsa chisoni n'chakuti zimachitika mozondoka. Mtengo wa mpando umasungidwa ngati chinsinsi cha kudambwe, pamene ngongole za mnzawo amazikamba momasuka iye akangotuluka kupita kukamwa madzi. Wa ku akaunti amene sangakuuze sikelo ya udindo wako amatha kunong'oneza anthu atatu kuti uje watsala ndi zingati akamudula.

Kafunsidwe kake nakonso kali ndi mwambo. Ku Norway ndalama zimene munthu aliyense wapeza pachaka ndi msonkho umene walipira n'zapoyera, ndipo kuyambira 2001 zinaikidwa pa intaneti. Anthu anayamba kufufuza anansi, apongozi ndi zibwenzi zakale mobisa, usiku wonse. Mu 2014 boma linasintha kanthu kamodzi kokha: wofufuzidwa anayamba kuona dzina la amene wamufufuza. Chiwerengero cha ofufuza chinagwa kwambiri nthawi yomweyo. Nambala sizinabisidwe, koma wosuzumira anasiya kubisika, ndipo otsala anali amene anali ndi chifukwa choti angachinene popanda manyazi.

Muofesi ndi chimodzimodzi. Wofunsa ndi amene amayamba kuvula chipewa: amanena chifukwa chake, ndipo amatchula yake nambala asanapemphe ya mnzake. "Achemwali, pepani ndikufunseni za ntchito. Andiitana kuti tikambirane kontrakiti yatsopano, ndipo andiuza zakutizakuti. Inu mwakhalitsa pano, kodi mpando umenewu umayenda pamenepo?" Funso lotere limasiya khomo lotsekula. Wofunsidwa angathe kutchula nambala, angathe kungoti "Pamenepo akuchepetsani, musasaine msanga," angathenso kukana, ndipo palibe amene wavulidwa. Silifunsidwa pagulu, kapena pamowa pamene lilime lamasuka koma makutu ndi ambiri. Silifunsidwanso kwa munthu amene uli ndi mphamvu pa iye, chifukwa wamng'ono sangathe kukana bwana popanda mantha. Ndipo amene wauzidwa wasenza katundu. Akalowa kwa bwana kukapempha kuti amukwezere, amakamba za ntchito yake ndi za mtengo wa udindowo, osati kuti "uje wandiuza kuti amalandira zakuti." Khoswe wa padenga adaulula wa padzala, ndipo muofesi yotero palibe adzathandizenso mnzake.

Udindo waukulu uli pa amene ali pabwino. Wolandira zochepa akayamba nkhaniyi amaoneka wodandaula kapena wansanje. Wolandira zambiri, makamaka bambo amene wakhalitsa, sataya kanthu akaitanira pambali mtsikana wolowa kumene n'kumuuza kuti, "Madamu, musavomere pansi pa apa, ndipo ya nyumba muifunse, ilipo." Koma kuuza n'kosiyana ndi kudzionetsera. Amene amalengeza bonasi yake pamaso pa kalaliki amene sanalandire, kapena kudandaula za mtengo wa matayala a galimoto yake yachiwiri kwa munthu woyenda pansi kuchokera ku Ndirande, sakuulula kanthu kothandiza aliyense.

Mikangano yeniyeni ya ndalama m'maofesi ambiri a kuno sikhala pa malipiro n'komwe. Imakhala pa maalawansi. Malipiro ngochepa, choncho chimene chimasiyanitsa anthu ndi mndandanda wa opita ku msonkhano ku Salima, ku Mangochi kapena ku Mponela. Mausiku angapo kunyanja angathe kubweretsa ndalama yopikisana ndi malipiro a mwezi. Mndandandawo umalembedwa mwakachetechete, maina omweomwewo amabwerabwera, ndipo otsala amaona mnzawo akubwera ndi chambo m'kabokosi osanena kanthu. Pano ndiye kufunsa kumafunika kwambiri, ndipo funso lake si lakuti uje walandira zingati, koma lakuti maina amasankhidwa bwanji. Ofesi imene imapachika poyera ndondomeko ya maulendo imachepetsa miseche kuposa maulaliki onse a za umodzi.

Chete yemweyu ali ndi mbali ina yoopsa. Mu Seputembala 2013 mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, Paul Mphwiyo, anawomberedwa pageti la nyumba yake ku Lilongwe, ndipo m'masabata omwewo apolisi anapeza ogwira ntchito m'boma, ena a maudindo ang'onoang'ono, ali ndi mamiliyoni m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba. Kampani ya Baker Tilly itaunika mabuku inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala chaka chimenecho. Pulezidenti Joyce Banda anachotsa nduna zake zonse, ndipo maiko othandiza anaimitsa thandizo la bajeti. Anthu amene ankamanga nyumba zosanja pa malipiro a kalaliki sankagwira ntchito m'tchire. Anali ndi anzawo a patebulo loyandikana, odziwa giredi yawo ndi malipiro ake mpaka tambala. Mawu akuti "aliyense ali ndi madilu ake" ndi akuti "za eni n'za eni" anagwira ntchito ngati ulemu. Thumba la munthu ndi lake, inde, koma likayamba kudzaza ndi ndalama za mankhwala a m'zipatala lasiya kukhala nkhani ya mwini yekha.

Pamene nambala zatchulidwa ndi anthu ambiri nthawi imodzi, mbiri ya dziko lino yasunthapo. Mu Meyi 1992, patangopita miyezi iwiri chitulukire kalata ya maepiskopi a Katolika imene inadzudzula, mwa zina, kusiyana kwa olemera ndi osauka, antchito a pafakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons ku Blantyre ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Sitalakayo inafalikira, anthu anaphedwa pa zipolowe zimene zinatsatira, koma mantha a zaka zambiri anang'ambika. Mu Febuluwale 2013, kwacha itagwa chaka cha m'mbuyo mwake, ogwira ntchito m'boma ananyanyala pafupifupi masabata awiri mpaka mabwalo a ndege kutsekedwa, ndipo otsikitsitsa anakwezeredwa ndi 61 peresenti. Sitalaka iliyonse imayamba ndi anthu awiri amene asiya kuyankhana kuti "za sopo basi."

Kwatsala nkhani imene imadula maubwenzi ambiri kuposa zonsezi, ya ngongole pakati pa anzako. Pofika pa 15 uthenga umalowa pafoni: "Achimwene, mundiponyereko kangachepe pa Mpamba, ndibweza zikalowa." Vuto la kubwereka kwa wa kuntchito n'lakuti onse awiri amadziwa tsiku limene zimalowa. Wobwereketsa amamva foni ya mnzake ikulira nthawi imodzi ndi yake, kenaka amamuona akugula tchipisi ndi nkhuku masana, osatchula kanthu. Wokongola wanzeru sadikira kukumbutsidwa. Ngati zavuta amayamba yekha kunena, n'kutchula tsiku lina, chifukwa chimene chimapweteka wobwereketsa si kuchedwa koma kuzembedwa m'khonde. Bwana kubwereka kwa wamng'ono wake ndiye n'kulanda kovala jekete: mesenjala adzayamba bwanji kulondola ngongole kwa munthu amene amasaina tchuthi chake? Ndipo kudziwa malipiro a mnzako sikukupatsa chilolezo chowerengera ndalama zake. Akati alibe, ndiye kuti alibe, ngakhale giredi yake ikunena zina. Kumunsi kwa pepala lake sunakuone.

N'chifukwa chake chipereganyu ndi banki m'khonde zakhazikika m'maofesi ambiri. Zimachotsa ngongole pakati pa anthu awiri n'kuiika pagulu, pomwe pali buku, tsiku, chiwongoladzanja chogwirizana ndi msungichuma. M'magulu amenewa anthu omwe aja obisa pesilipi amatchula nambala mokweza, amawerenga ndalama patebulo, amalipitsana chindapusa cha kuchedwa, popanda wokwiya. Zikuonetsa kuti manyazi sali pa ndalama. Ali pa kusadziwa kuti nambala yako ikatuluka ikagwiritsidwa ntchito yanji.

Pepala la chipepeso limayesa ulemu wa ofesi kuposa china chilichonse. Mnzawo akaferedwa, kapena akamakwatira, pepala limazungulira tebulo ndi tebulo, dzina kumanzere, ndalama kumanja. Woyamba kulemba amaika muyezo, ndipo kawirikawiri amayambira kwa bwana. Likamafika kwa wosesa, amaona manambala a anzake onse ali pamwamba pa dzina lake, ndipo amapereka ya ndiwo za ana kuti asaoneke wouma mtima, kapena amapezeka kuti watuluka pang'ono. Maofesi ena anakonza zimenezi ndi thumba la chisamaliro limene aliyense amasonkha pamwezi molingana ndi giredi yake, motero wamkulu amapereka zambiri popanda kuombedwa m'manja, wamng'ono zochepa popanda kuweramitsa mutu. Ena amayendetsa envelopu ndi pepala la maina okhaokha, msungichuma n'kulengeza chiwerengero chonse pamodzi, ndipo woferedwa amalandira ndalamazo ndi mndandanda wa anthu amene anamukumbukira, osadziwa kuti wakuti anaponya zingati.